Filimu ya Salò: n'zotsutsadi fasizimu kapena n'zonyansa chabe?

Mukasaka pa intaneti mafilimu amene anthu amalephera kuonera mpaka kumapeto, dzina la Salò silisowa pa mndandandawo. Ndi filimu ya ku Italy ya mu 1975, anaipanga ndi Pier Paolo Pasolini, ndipo chosokoneza chake n'choti ena amati ndi zolaula basi zongoziveka jekete ya ndale, pomwe maprofesa ndi madairekita akuluakulu amaiika pa gulu la mafilimu ofunika kwambiri otsutsa ulamuliro wankhanza, mpaka kumaiphunzitsa m'mayunivesite. Mu 2025 inakwanitsa zaka 50 koma mkangano wake sunathebe. Pano sindikuuzani kuti mukaione kapena ayi, ndingomasula zinthu zimene munthu ukuyenera kudziwa kuti umve chimene mbali ziwirizi zikukanganirana. Chenjezo lokha ndi loti nkhaniyi ili ndi zonyansa, ndiyesetsa kuzitchula mwaulemu.

Fasizimu kaye

Inabadwira ku Italy nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha. Mu Malichi 1919 ku Milan, Benito Mussolini, yemwe kale anali mtolankhani wa chipani cha sosholizimu, anasonkhanitsa asilikali obwera kunkhondo ndi achinyamata okwiya n'kupanga gulu lomwe linadzatchuka ndi malaya akuda. Ntchito yawo inali kumenya atsogoleri a mabungwe a anthu apantchito ndi kuotcha maofesi a nyuzipepala zotsutsa. Mu Okutobala 1922 anaguba kulowera ku Rome, ndipo mfumu Victor Emmanuel III m'malo mowabweza ndi asilikali inangomupatsa Mussolini mpando wa nduna yaikulu. Mu 1924 phungu wotsutsa Giacomo Matteotti anaphedwa, pofika 1926 zipani zina zonse zinali zitaletsedwa.

Maganizo ake ndi oti boma ndiye zonse, munthu payekha si kanthu, mtsogoleri salakwa, ndipo nkhanza si chinthu chochita nacho manyazi koma chonyadira. Thupi lako lomwe ndi katundu wa dziko, mwamuna akamenye nkhondo, mkazi abereke asilikali a mawa, moti anafika poika msonkho pa amuna osakwatira. Apa ndi pomwe imasiyanako ndi wolamulira wankhanza wamba. Uyu amangofuna ukhale chete, pomwe fasizimu imafuna ugube nawo, uimbe nawo, uonetse kuti ukusangalala.

Pali kanthu kena kakang'ono koma musakaiwale poti tikakapeza kutsogoloku. A malaya akuda akagwira munthu wotsutsa ankamumwetsa mokakamiza mafuta a nsatsi ambirimbiri kuti atsegule m'mimba n'kudziipitsira pagulu. Cholinga sichinali kupweteka kokha ayi, chinali kumuchotsa ulemu kuti mawa asadzaimenso pamaso pa anthu n'kuyankhula za ndale.

Ndipo izi sizinathere ku Ulaya. Mu 1935 Italy inathira nkhondo Ethiopia n'kuilanda mu 1936 pogwiritsa ntchito mpweya wapoizoni, ndipo mu Febuluwale 1937 anthu masauzande anaphedwa mu Addis Ababa m'masiku atatu okha pobwezera bomba lomwe anthu ena anaponyera Rodolfo Graziani, bwanamkubwa wa Italy kumeneko. Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles anamenyana nawo asilikali a Mussolini ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1940 ndi 1941, nde kwa ena a ife ndi nkhondo ya agogo athu.

Salò ndi tauni yeniyeni

Mu Julayi 1943 nkhondo itayamba kumuipira, Mussolini anachotsedwa ndi akuluakulu a chipani chake chomwe, mfumu n'kumumangitsa. Mu Seputembala asilikali a Germany anakamuba pa hotelo ya pa phiri la Gran Sasso pomwe ankamusunga, n'kumuika kuti azilamulira kumpoto kwa Italy, koma aliyense ankadziwa kuti mwini mphamvu ndi Hitler. Maunduna a kaboma kameneka anamwazikana m'matauni a m'mbali mwa nyanja ya Garda, ndipo poti nkhani za boma zinkatuluka kuchokera ku tauni ya Salò, anthu anangokatcha Ripabuliki ya Salò. Kanakhala pafupifupi miyezi 20. Inali nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, achinyamata kugwidwa mokakamiza kuti alowe usilikali, Ayuda kutumizidwa ku Auschwitz, msasa womwe a Nazi a Hitler ankapherako anthu, midzi kuotchedwa poiganizira kuti ikubisa omenyera ufulu. Ku Marzabotto pafupi ndi Bologna asilikali a SS, gulu lapadera la Hitler, anapha anthu wamba pafupifupi 770 kumapeto kwa Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala 1944, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi okalamba. Mufilimuyi chikwangwani cha msewu cholembedwa Marzabotto chimaoneka kumayambiriro, ndipo kwa munthu wa ku Italy wa mu 1975 chimenecho chinali chokwanira. Mussolini anaphedwa pa 28 Epulo 1945.

Nde Pasolini sanasankhe fasizimu ya nthawi ya maparedi ndi makamu okuwa. Anasankha ya kumapeto, ya anthu amene akudziwa kuti zawo zatha, ndege za adani zikumveka kulira kumwamba, palibenso wowafunsa ndipo palibe mawa loti aziliopa.

Buku lomwe anatengako nkhani

Nkhaniyo payokha si ya ku Italy. Inachokera m'buku la Marquis de Sade, Mfalansa wa banja lolemekezeka yemwe analemba za masiku 120 a Sodomu mu 1785 ali m'ndende ya Bastille ku Paris, ndi tizilembo ting'onoting'ono pa mpukutu wa pepala wotalika pafupifupi mamita 12. Anamusamutsa m'ndendemo kutatsala masiku ochepa kuti anthu aigwetse mu Julayi 1789, iye anafa akuganiza kuti mpukutuwo unatayika, koma unapezeka n'kusindikizidwa mu 1904. M'bukumo amuna anayi olemera amadzitsekera m'nyumba yachifumu ndi anthu amene awagwira kuti aziwachita chilichonse chimene mtima wawo wafuna. Pasolini ananyamula nkhaniyi n'kuiika mu 1944, kenako n'kuigawa m'zigawo potengera momwe Dante, wandakatulo wakale wa ku Italy, anagawira gehena m'ndakatulo yake, khomo lolowera kenako mabwalo atatu otsikiratsikira pansi, la zilakolako, la manyi, ndi la magazi.

Chimachitika n'chiyani mufilimumo

Amuna anayiwo alibe mayina, ali ndi maudindo okha, Duke, Bishopu, Majisitireti ndi Pulezidenti wa banki. Mwachidule ufumu, mpingo, khoti ndi chuma zakhala pa tebulo limodzi. Amasainirana pangano, kukwatirana ana awo aakazi kuti mgwirizano ulimbe, n'kutuma asilikali kukagwira anyamata 9 ndi atsikana 9. Kasankhidwe kake ndi ngati momwe munthu amagulira mbuzi pa msika, kuitembenuza, kuiyang'ana m'kamwa, moti mtsikana wina amabwezedwa chifukwa choti dzino limodzi linaguluka. Akawatsekera m'nyumba yaikulu yokongola amawawerengera malamulo, ndipo pali kabuku komwe amalembamo mayina a olakwa kudikira tsiku la chilango. Tsiku lililonse amayi achikulire ovala bwino amafotokoza nkhani zauve wina akuimba piyano, mabwana aja n'kumachita zimene amvazo pa ogwidwawo. Pali kugwiririra, pali kuwayendetsa ngati agalu ndi zingwe m'khosi, pali phwando lomwe amawadyetsa manyi, ndipo pamapeto pali kuzunza ndi kupha pabwalo.

Za manyizo, ochita seweroli ankadya chokoleti chosakaniza ndi jamu ya malalanje. Koma kumbukirani mafuta a nsatsi aja. Kunyazitsa munthu ndi zotuluka m'thupi sanakupeke Pasolini.

Chimene ambiri amene sanaione sadziwa n'choti kajambulidwe kake n'kozizira kwambiri. Kamera nthawi zambiri imaima patali, zipinda zili mwadongosolo ngati mu tchalitchi, palibe ngwazi yoti uziitsatira, ogwidwawo sutiuzidwa mbiri yawo yoti uwamvere chisoni mwachizolowezi, ndipo palibe amene akubwera kudzawapulumutsa. Umaliseche ulipo wambiri koma waikidwa moti usakusangalatse. Chakumapeto ogwidwa aja amayamba kuneneranana kuti apulumuke, uyu kuulula uyo, uyo kuulula wina, mpaka unyolowo umakafika pa mlonda wina wachinyamata amene apezeka akugona ndi wantchito wachikuda wa m'nyumbamo mogwirizana, chinthu choletsedwa kotheratu. Asanamuombere amakweza chibakera m'mwamba ngati wa sosholizimu, ndipo kwa kamphindi mabwana aja amadodoma. Kwa ine malo amenewa ndi amene amasonyeza kuti munthuyu sankangounjika zonyansa, ankadziwa momwe ulamuliro wotere umagwirira ntchito, kuti sudalira mfuti zokha koma kusandutsa ozunzidwa kukhala akazitape a anzawo.

Kupha kwa pamapeto sukuona pafupi. Mabwanawo amasinthana kukhala pa mpando pa windo n'kumaonera ndi mabainokyula, kukuwa kwa ozunzidwa sikumveka, pa wailesi pakumveka nyimbo ndi ndakatulo. Ndipo kamera imalowa m'mabainokyulamo, kutanthauza kuti iwe woonerawe wakhala pa mpando wa bwanayo. Oikira kumbuyo filimuyi amati mfundo yonse yagona apa, ikukufunsa kuti nanga iwe ukuoneranji. Kenako alonda awiri achinyamata amatsegula nyimbo yovina n'kuyamba kuvina ngati palibe chachitika, filimu n'kutha.

Pasolini ankalimbana ndi ndani kwenikweni

Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera, chifukwa mwini wakeyo ankati filimuyi ikunena za Italy ya mu 1975 kuposa ya mu 1944. Anabadwa mu 1922 ku Bologna, bambo ake anali msilikali wokonda fasizimu, mng'ono wake Guido anali womenyera ufulu ndipo anaphedwa mu Febuluwale 1945, osati ndi mafasisiti koma ndi gulu lina la omenyera ufulu achikomyunizimu. Iye anali wandakatulo, wotsatira Marx, wogonana ndi amuna anzake pa nthawi yomwe zimenezo zinkakuthetsera ntchito, ndipo chipani cha komyunizimu chinamuchotsa mu 1949. Anazengedwa milandu yoposa 30 pa moyo wake. Koma munthu yemweyu ndi amene mu 1964 anapanga filimu ya Yesu yochokera mu uthenga wa Mateyu, yomwe Akatolika ambiri amailemekeza mpaka lero, nde si munthu woti ungamuike m'bokosi limodzi.

M'zaka zake zomaliza ankalemba mu nyuzipepala ya Corriere della Sera kuti kwabwera fasizimu yatsopano yoopsa kuposa ya Mussolini, yomwe ndi moyo wogulagula wobwera ndi TV ndi otsatsa malonda. Ankati yakale ija inkaveka anthu yunifolomu koma akaivula ankabwerera ku chiyankhulo ndi chikhalidwe cha kwawo, pomwe yatsopanoyi ikulowa mkati mwenimweni n'kupangitsa aliyense kufuna zofanana, kuyankhula mofanana, ndipo thupi la munthu lasanduka katundu wogulitsa. Phwando la manyi lija iye ankalilumikiza ndi zakudya za m'mafakitale zimene anthu amadyetsedwa n'kumauzidwa kuti n'zabwino. Zinamukhudzanso iye mwini. Pakati pa 1971 ndi 1974 anapanga mafilimu atatu osangalalira thupi ndi chikondi, anagulitsa kwambiri, amalonda n'kuyamba kutulutsa mafilimu olaula otsanzira, ndipo mu 1975 analemba poyera kuti akuwakana mafilimu akewo. Salò inabwera ngati yankho, filimu yoti msika usathe kuimeza.

Sanaione ikutuluka. Pa 2 Novembala 1975 thupi lake linapezeka ku Ostia kufupi ndi Rome, atamenyedwa koopsa n'kupondedwa ndi galimoto yake yomwe. Mnyamata wa zaka 17 anavomera ndipo anamangidwa, koma mu 2005 anasintha mawu n'kunena kuti panali anthu ena. Filimuyi inaonetsedwa koyamba ku Paris patangotha masabata atatu, nde kuyambira tsiku loyamba anthu ankaionera akuganiza za mtembo wa mwini wake.

Filimu ya luso ndi filimu yodyera pa zonyansa

Salò sinali yokha. Nthawi imeneyo madairekita a ku Italy ankakonda kulumikiza fasizimu ndi zogonana zopotoka, Luchino Visconti mu The Damned ya 1969, Bernardo Bertolucci mu The Conformist ya 1970, Liliana Cavani mu The Night Porter ya 1974. Pambali pa awa panabukanso mafilimu otchipa ngati Ilsa, She Wolf of the SS ya 1975, omwe ankagwiritsa ntchito mayunifolomu a Nazi ndi misasa yozunzirako anthu pofuna kukometsa zolaula kuti matikiti agulidwe. Gulu loyambalo limatchedwa la luso, lachiwirilo lodyera pa zonyansa, ndipo kusiyana kwake anthu amati kuli pa chimene filimu ikufuna kuti umve. Yodyera pa zonyansa imafuna usangalale ubwerenso mawa, ya luso yamtunduwu imafuna unyansidwe, uchite manyazi, uganize. Vuto ndi loti zithunzi zake pena zimafanana, ndipo dairekita alibe mphamvu pa zimene zikuchitika m'mutu mwa woonera.

Otsutsa si achipembedzo okha. Susan Sontag, wolemba wa ku America, mu 1975 anadandaula kuti zizindikiro za Nazi zikusanduka fashoni ya zachiwerewere. Roland Barthes, wolemba wa ku France yemwe ankadziwa bwino mabuku a Sade, analemba mu Le Monde mu 1976 kuti fasizimu ndi ngozi yaikulu kwambiri yosayenera kungoifanizira ndi zilakolako za anthu anayi opotoka. Mfundo imeneyi ndi yolemera, chifukwa amene ankayendetsa maulamulirowa ambiri sanali amisala, anali makalaliki, aphunzitsi, apolisi, anthu opita kwawo madzulo kukadya ndi ana. Ukawajambula ngati zilombo woonera amatuluka ali ndi mtendere kuti ine sindili choncho. Oikira kumbuyo amayankha kuti alonda ovina aja ndi woimba piyano uja, yemwe amaona zonse kenako n'kudziponya pa windo, ndi anthu wamba amenewo.

Kuletsedwa

Ku Italy filimuyi inalandidwa itangoyamba kuonetsedwa mu 1976 ndipo prodyusa wake Alberto Grimaldi anakokeredwa kukhoti. Ku Britain bungwe lounika mafilimu linaikana, mu 1977 apolisi anakailanda pa kalabu ina ya mafilimu ku Soho mu London, ndipo inadzaloledwa yosadula mu 2000. Australia ndiye inavina nayo kwambiri, kuiletsa mu 1976, kuilola mu 1993, kuiletsanso mu 1998, n'kudzailola mu 2010 pa DVD pokhapokha ikhale ndi zofotokozera za mbiri yake. Ku Cincinnati ku America mu 1994 ogwira ntchito m'sitolo ya mabuku anamangidwa chifukwa chobwereketsa tepi yake, ndipo dairekita wotchuka Martin Scorsese ndi akatswiri ena anasaina chikalata choiikira kumbuyo. Mabungwe ounika oterewa tikuwadziwa, ku Malawi lamulo lake ndi la 1968. Chigamulo cha ku Australia chija n'chochititsa chidwi, chifukwa chikutanthauza kuti zithunzi zomwezo ndi zoletsedwa zikakhala zokha koma zololedwa zikabwera ndi ofotokozera.

Zomwe sizinayankhidwebe

Ngati filimu ikufunika munthu woifotokoza kuti uthenga wake umveke, uthengawo uli mufilimumo kapena uli mwa wofotokozayo? Masiku ano ambiri amakumana ndi Salò ngati tizidutswa ta masekondi ochepa pa foni, opanda Marzabotto, opanda mabainokyula, ena amaionera pongopikisana kuti ndani alimbe mtima. Pasolini ankafuna chinthu choti msika ulephere kugulitsa, koma lero ikugulitsidwa m'mabokosi okongola a Criterion, kampani yogulitsa mafilimu a luso. Kaya zimenezi zikusonyeza kuti analephera, kaya zikutsimikiza zomwe ankanena zija, anthu sagwirizana.

Palinso funso loti kodi nkhanza umayenera kuionetsa kuti anthu aimve. The Zone of Interest ya Jonathan Glazer ya 2023 inatenga njira yosiyana kotheratu, imangoonetsa banja la mkulu wa msasa wa Auschwitz likusamalira maluwa kuseri kwa mpanda, zoopsazo umangozimva m'makutu, ndipo inapata Oscar. Ena amati imeneyi ndiye njira yolemekeza ophedwa, ena amati kusaonetsa kumapatsa woonera pothawira.

Nkhani ya achinyamata ochita seweroli nayonso imabwerabe. Mkangano wa ku Australia mbali yaikulu unali woti ozunzidwa mufilimumo akuoneka osakwana zaka 18, ndipo ngakhale ena mwa amene anasewera anadzanena kuti pojambula pankakhala nthabwala ndi kuseka, funso loti dairekita ali ndi ufulu wofika pati pa matupi a anthu ena pofuna kutsutsa kugwiritsa ntchito matupi a anthu silinathe.

Nanga kufananitsa supamaketi ndi TV ndi boma lomwe linatumiza anthu ku Auschwitz, ndi kuona patali kapena ndi kupeputsa imfa za anthu enieni? Ku Italy komweko akatswiri a mbiri ndi otsatira Pasolini amakanganabe pa zimenezi. Za imfa yake nazo, mlandu unatsegulidwanso mu 2010 n'kutsekedwa mu 2015 popanda wina womangidwa, ndipo yemwe anavomera poyamba uja anamwalira mu 2017.